Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Za Chamba cha Mankhwala ndi Odwala a m'Chigwa cha Domasi

Olemekezeka a Nduna,

Ndagwira mwendo wanu, mundilole ine munthu wamba, amene ndinakalambira m'kalasi ndi choko m'manja, ndipo tsopano ndatsala ndi ntchito yoyendera odwala m'midzi ya Mfumu Yaikulu Malemia, kuti nditule pamaso panu mlandu umene wakhala ukundisowetsa tulo. Ndipo ndautula pabwalo, anthu onse akumva, popeza mwini wake sindine ndekha, koma onse okhala m'chigwa chino, kuyambira m'tsinde mwa phiri la Malosa kumene mtsinje wa Domasi umatsikira, kufikira kuminda ya mpunga kumene madzi ake amakathera m'nyanja ya Chilwa. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsono mukapeza mawu ena owawa m'kalata muno, muwalandire monga ochokera kwa mnansi wanu.

Pa 27 February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act, limene linalola kuti chamba chizilimidwa, kukonzedwa ndi kugulitsidwa m'dziko muno pa ntchito za mankhwala, za m'mafakitale ndi za kafukufuku, pamene kusuta kunakhalabe koletsedwa monga kale. Amene anabweretsa biluyo m'Nyumbamo anali a Kondwani Nankhumwa, apo nkuti ali Nduna ya Zaulimi; koma amene anayamba kuitchula nkhaniyi, m'chaka cha 2015, anali a Boniface Kadzamira, phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, amene anzawo anawaseka nawayesa osokonezeka, ndipo patapita zaka zisanu anakhala wapampando wa bungwe loyang'anira mbewuyi la Cannabis Regulatory Authority. Mbewu inayesedwa ku Chitedze. Mitengo ya ziphaso inalengezedwa kumapeto kwa 2020: madola 10,000 kwa wofuna kulima ndi kugulitsa chamba cha mankhwala, madola 2,000 kwa wofuna chamba cha m'mafakitale. Pofika April 2021 ziphaso 86 zinali zitaperekedwa kwa makampani ndi magulu a alimi 35. M'chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza mtundu wonse kuti masiku a fodya akutha ndipo tiyang'ane ku mbewu zina, natchula chamba pakati pa mbewuzo. Ndipo chaka chisanathe tinamva kuti Nduna ya Zaulimi, a Lobin Lowe, alembera kalata Mike Tyson, katswiri wakale wa nkhonya wa ku America, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Mu March 2024 aphungu anavomerezanso bilu ina, imene anabweretsa a Peter Dimba, yolola kuti chamba cha makolo chomwe, chija chinatchukitsa Nkhotakota ndi Nkhata Bay kufikira kutsidya kwa nyanja zamchere, nacho chizilimidwa ndi chiphaso.

Zonsezi ndazifotokoza mwandondomeko chotere, ngakhale Inu mukuzidziwa koposa ine, kuti muone chimene ine ndaona: kuti m'zaka zonsezi, m'mene tamva za ndalama zakunja, za misika ya ku Ulaya ndi ku America, za mbewu yolowa m'malo mwa fodya, za mahekitala ndi za madola, mawu amene amveka pang'ono koposa onse ndiwo a Unduna wanu, ndipo munthu amene watchulidwa pang'ono koposa onse ndiye wodwala. Lamulo lija linabadwira ku Unduna wa Zaulimi, linaleredwa ndi a zamalonda, ndipo ngakhale dzina lake litchula mankhwala, mankhwalawo akhala ngati akonzedwera odwala a m'mayiko ena. Sindikudana ndi malonda ayi. Dziko losauka liyenera kugulitsa chimene lili nacho, ndipo ife a kuno, amene tinaona mitengo ya fodya ikugwa chaka ndi chaka ku okushoni ya ku Limbe, sitingakhale oyamba kutsutsa mbewu yatsopano. Koma nkovuta kumvetsa kuti mtundu wa anthu ungavomereze ndi lamulo kuti chinthu chakuti ndi mankhwala, nuchilima, nuchiyenga, nuchitumiza kunja m'mabotolo, koma mwana wake wogona pamphasa akachifuna, iye nkukhala wopalamula.

Ndipo chodabwitsa nchakuti khomo lilipo kale. Pamndandanda womwewo wa mitengo ya ziphaso panalembedwa kuti chipatala cha boma chofuna kupereka mankhwala a chamba kwa odwala chidzalipira madola 100, ndipo chipatala chimene si cha boma madola 200. Ndalama imeneyi siifika ngakhale pa mtengo wa mafuta a galimoto imodzi ya boma yopita ku msonkhano wa kunyanja. Olemba lamulo anaganizira wodwala wa m'dziko muno, ngakhale ndi mzere umodzi wokha. Chimene chatsala ndi mwini ntchitoyo, ndiye Inu, kuti mzere umenewo usanduke botolo la m'kabati ya mankhwala, ndi dokotala wodziwa mlingo wake, ndi namwino wodziwa kufotokozera gadiyani. Kufikira tsiku limenelo wodwala wathu akunga munthu uja wa pa thamanda la Betesda, amene anagona zaka 38 madzi ochiritsa ali pafupi, atasowa womutsitsiramo.

Ndisanapitirire, ndinene mosabisa chimene mankhwalawa angathe ndi chimene sangathe, pakuti m'misika yathu mwabuka kale anthu ogulitsa timabotolo ta mafuta, olonjeza kuti chamba chichiza khansa, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda onse a pansi pa thambo. Amenewa ndi akuba, ndipo kuba kwawo nkoipitsitsa chifukwa amabera munthu amene wathedwa kale nzeru. Chamba sichichiza khansa. Makolo athu ankachiphika posambitsa ana odwala chikuku, ndipo ena ankachiyesa mankhwala a mphumu, koma chimene chinagonjetsa chikuku m'midzi muno ndi katemera wa kusikelo. Zimene madokotala a kunja atsimikiza nzochepa, koma nzenizeni. M'chomerachi muli zinthu zambiri, ndipo ziwiri ndizo zodziwika koposa: THC, amene amaledzeretsa, ndi CBD, amene saledzeretsa. Ku America, kuyambira m'chaka cha 1985, mankhwala otchedwa dronabinol, amene ali THC wopangidwa m'fakitale, akhala akuperekedwa kwa odwala khansa amene mankhwala amphamvu a khansawo amawasanzitsa, ndipo kuyambira 1992 kwa odwala Edzi amene chilakolako cha chakudya chawathera. Mu 2017 bungwe la akatswiri a sayansi la dziko limenelo, National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine, litasanthula kafukufuku wochuluka, linapeza umboni wokwanira wakuti mankhwala ochokera ku chamba amathandiza pa ululu wokhalitsa wa anthu akuluakulu, pa mseru ndi kusanza kobwera ndi mankhwala a khansa, ndi pa kukungika kwa minofu kwa matenda ena a mitsempha. Mu 2018 boma la America linavomereza Epidiolex, mankhwala a CBD, pa mitundu iwiri yosowa ya khunyu la ana limene mankhwala ena amalilephera. Mu November chaka chomwecho dziko la Britain linalola madokotala ake akuluakulu kulembera odwala mankhwala a chamba. Ndipo pa 2 December 2020 komiti ya bungwe la United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo, ndi mavoti 27 kwa 25, inachotsa chamba m'gulu la zinthu zoopsa koposa zimene pangano la 1961 linkaziyesa zopanda phindu kwa odwala.

Tsono taonani matenda amene atchulidwawo, ndipo muwayerekeze ndi a kwathu kuno. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Khansa ya kummero nayo yatichulukira kotero kuti palibe mudzi m'chigwa chino umene sunaikepo munthu amene anayamba ndi kulephera kumeza nsima, kenaka phala, kenaka madzi. Ndipo khansa ya pakhungu ija imadza ndi kachilombo, yotupitsa miyendo, tonse taiona. Ambiri mwa odwalawa amafika kuchipatala mochedwa, nthenda itazika mizu, ndipo chimene chimawatsalira ndi kubwerera kumudzi kukadikira tsiku lawo. Masiku otsalawo, ngakhale akhale ochepa, ndi masiku a munthu, ndipo ali ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa lamulo.

Mundilole ndikulowetseni m'nyumba imodzi, kumtunda kwa Songani, kumene ndinkapita kukapemphera ndi mayi wina amene khansa ya khomo la chiberekero inamugoneka. Kuchipatala anam'patsa botolo la mofini wamadzi, ndipo mwana wake wamkazi, amene anasiya banja lake kudzakhala gadiyani, ankayeza mlingo ndi kasirinji, maola anayi alionse, usana ndi usiku, akuyang'ana nthawi pa foni. Mofiniyo anagwira ntchito yake, ndipo ndithokoza amene anam'pereka. Koma mseru sunamuleke mayiyo; fungo la ndiwo zophikidwa kuseri kwa nyumba linkamusanzitsa, phala ankalikankha ndi dzanja, ndipo usiku ankangopenya kudenga osagona. Botolo likatha, pankafunika ndalama ya kabaza ndi tsiku lathunthu la pamzere, ndipo sikuti ulendo uliwonse ankabwera nalo. Mwana wake wamwamuna, munthu wofatsa, wosamwa ngakhale thobwa lowawasa, anamva kwa anzake kuti fodya wamkulu amathandiza. Anakagula kachidutswa kokulunga m'khungwa la nthochi, nakaphika m'kamphika usiku chitseko chili chotseka, nasefa ndi sefa ya tiyi, nawamwetsa amayi ake theka la kapu. Usiku woyamba mayiyo anagona tulo, ndipo kutacha anapempha phala la mpunga, banja lonse nkulira ndi chimwemwe. Patapita masiku, chija chitatha, mnyamatayo anagula china kwa munthu wina, naphika monga poyamba, napereka theka la kapu lomwelo. Koma usiku umenewo mtima wa mayiyo unathamanga, anaona anthu akulowa pakhoma, nafuula mpaka tambala woyamba, ana ake akumugwira manja. M'mawa mwake, atatsitsimuka, anandifunsa ine monga mkulu wa mpingo ngati mwana wake wachimwa, ndiponso ngati apolisi akamva adzam'tenga.

Pa funso loyambalo ndinayankha monga ndinathera. Lachiwirilo yankho lake lili ndi Inu. Kapu inali yomweyo ndi dzanja lomwelo, koma mphamvu ya chomera inasiyana, pakuti chamba cha m'thumba la munthu wa pamsika sichinayezedwe ndi wina aliyense, ndipo cha kwathu kuno chimadziwika kuti nchaukali. Safunsa anadya phula, inde. Koma mnyamata uja akanafunsa yani? Kwa namwino sakanatha, poopa kudziulula. Ndipo namwinoyo akanafunsidwa, analibe buku lomuuza choyankha. Umu ndi m'mene kukhala chete kwa boma kumapwetekera anthu: odwala sanaleke kumwa chamba chifukwa chakuti Unduna sunanene kanthu, angochimwa mumdima, mopanda mlingo, ali ndi mantha.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene tinadzipatsa mu 1994, sanatchule ufulu wa umoyo m'ndime yakeyake monga anachitira ndi ufulu wa maphunziro, ndipo ena amabisala pamenepo. Komabe ndime 13 imaika pa mapewa a boma udindo wopereka chisamaliro cha zaumoyo chokwanira, chogwirizana ndi zosowa za Amalawi ndiponso ndi muyezo wa mayiko onse. Ndime 30, ponena za ufulu wa chitukuko, imafuna kuti anthu onse akhale ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo cha zaumoyo. Ndipo ndime 19 imati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa. Ine si loya, koma ndinaphunzitsa ana kuwerenga, ndipo powerenga ndime zitatuzi pamodzi sindipeza m'mene boma lingadzilungamitsire ngati mankhwala olimidwa m'nthaka ya Malawi, ndi chilolezo cha boma la Malawi, afika kwa wodwala wa ku Ulaya ndi kwa Mmalawi wachuma amene angathe kuwaitanitsa kapena kukwera ndege kupita ku Johannesburg, koma osafika kwa mayi wa kumtunda kwa Songani. Munthu wofuula ndi ululu umene ukanatha kuchepetsedwa walandidwa ulemu wake, ngakhale palibe anam'menya.

Ndikudziwa mantha anu, chifukwa ndi anganso. Ife a ku Zomba sitifunika kuuzidwa ndi mlendo za kuipa kwa chamba, pakuti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili m'boma lathu lino, ndipo ambiri a ife tinaperekezako mwana wa mlongo kapena wa mnansi, atamangidwa manja ndi chitenje, mnyamata amene dzana anali woyamba m'kalasi. Ine ndemwe ndinaona ophunzira anga ena, anzeru zoti nkufika nazo ku Chancellor College, akuthera m'misewu akutola zinyalala. Akatswiri omwe aja a ku America amene anapeza ubwino wa mankhwalawa anapezanso umboni wokwanira wakuti kusuta chamba kumayendera limodzi ndi misala, makamaka kwa osuta kwambiri. Abusa a mipingo ndi mashehe a m'mizikiti ya m'chigwa chino akamakana kumva dzina lenilenilo la chamba, sakukana mwaumbuli. Anaika maliro, anaona maukwati akutha. Walira mvula walira matope, ndipo aliyense wopempha zimene ndikupemphazi ayenera kuvomera kuti matopewo alipo.

Koma Unduna wanu si mlendo pa ntchito yosunga chinthu choopsa kuti chitumikire odwala. Mofini amene mayi uja ankamwa amachokera ku duwa lomwelo limene kumachokera mankhwala ozunguza bongo oopsa koposa chamba. Ndipo panali nthawi imene madokotala ambiri muno ankaopa kumulemba, poganiza kuti asandutsa odwala akapolo a mankhwala. Anthu olimba mtima, a ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, a ku Ndi Moyo ku Salima, a bungwe la Palliative Care Association of Malawi, ndi ena ambiri m'zipatala za boma ndi za mishoni, anaonetsa kuti nzotheka: mankhwala amakhala m'kabati yokiya, amalembedwa m'kaundula dontho lililonse, amaperekedwa ndi munthu wophunzitsidwa, kwa wodwala wodziwika, pa mlingo wolembedwa m'buku lake la kuchipatala. Dziko silinagwe chifukwa cha mofini. Njira imeneyo ilipo, inapondedwa kale, ndipo mankhwala a chamba angayende momwemo. Mnyamata wofuna kusuta sadzapita kukaima pamzere wa odwala khansa kuti apeze madontho a m'botolo, pamene chimene akufuna chili kale pamsika pa mtengo wa mandasi. Amene lamulo losatsegulidwali likumutsekereza ndi wodwala yekha.

Pano ndipatuke pang'ono, kuopa kuti mungandimve molakwa. Mukafunsa ine kuti chiyambe nchiti, ndidzati yambani ndi kuonetsetsa kuti mofini sakutha m'zipatala, ndi kuti phenobarbitone ndi carbamazepine, mankhwala akale otsika mtengo amene amagwira khunyu la anthu ambiri, akupezeka mwezi uliwonse kuzipatala zazing'ono. Pakuti ana a khunyu amene tikuwaona ndi zipsera za moto m'manja ndi kumaso sanagwere pamoto chifukwa chosowa Epidiolex, anagwerapo mwezi umene mapiritsi awo a masiku onse anasowa. Mankhwala a chamba sadzalowa m'malo mwa zimenezi. Adzangoima pambali pake, kuthandiza awo amene mankhwala enawo awalephera kapena awasiyira mseru ndi kusowa tulo. Koma kusowa kwa chinthu chachikulu sikungakhale chifukwa chokanizira chaching'ono, makamaka pamene chaching'onocho chikumera m'munda mwathu, pomwe mankhwala ena ambiri timawagula ndi ndalama zakunja zimene tilibe.

Palinso nkhani ya chilungamo, imene sindingailumphe ngakhale si ya Unduna wanu wokha. Lamulo la 2020 linaika chilango chofika zaka 25 m'ndende kwa wolima kapena kugulitsa chamba popanda chiphaso, ndipo lamulo lakale la Dangerous Drugs Act likadali ndi mano ake. Mu 2022 dziko lonse linang'ung'udza pamene mnyamata wina wa ku Blantyre anagamulidwa zaka zisanu ndi zitatu chifukwa chopezeka ndi chamba, pamene mkulu wina wa kampani yaikulu, wopezeka ndi mlandu wa chamba m'nyengo yomweyo, analipira chindapusa nabwerera kwawo. Khoti lalikulu linachepetsa chilango cha mnyamatayo pambuyo pake, koma anthu anali ataona kale m'mene muyezo umapendekera. Kuno ku Domasi tili ndi ndende, ndipo timawaona akaidi akulima m'mbali mwa msewu. Ndikawaona ndimaganiza za mwana wa mayi uja, amene tsoka likanam'gwera akanavala yunifolomu yomweyo, chifukwa cha chomera chimene munthu wa madola 10,000 amalima masana dzuwa likuswa mtengo, apolisi akum'londera mpanda.

Chimene ndikupempha tsono, a Nduna, nchakuti mutenge mpando wanu pa nkhaniyi, umene wakhala wopanda munthu nthawi yaitali. Itanani madokotala a khansa, a matenda a maganizo, a ana, ndi anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika, pamodzi ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, a Medical Council of Malawi ndi a Kamuzu University of Health Sciences, kuti alembe mosapita m'mbali matenda amene mankhwalawa aloledwe, mlingo wake, amene angawalembe, ndi amene sayenera kupatsidwa konse, monga amayi oyembekezera ndi anthu amene anadwalapo misala. Ndipo zimenezo zilowe m'buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala limene dokotala aliyense wa boma amakhala nalo patebulo. Mukambirane ndi mnzanu wa Zaulimi kuti kampani iliyonse yolandira chiphaso cha chamba cha mankhwala isiye gawo la zokolola zake muno, loyengedwa ndi kuyezedwa bwino, lopita ku Central Medical Stores Trust pa mtengo umene boma lingathe. Ndipo gawo la ndalama za ziphasozo lipite ku chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika ndi ku chipatala cha matenda a maganizo, kuti mbewuyi ilipire yokha mabala amene imapanga. Chamba cha makolo, chimene aphungu anachivomereza mu 2024, chiyezedwe ndi akatswiri athu kuti tidziwe zimene zili m'kati mwake, tisanauzidwe ndi ogula. Ndipo kufikira zonsezi zitatheka, lankhulani ndi a zamalamulo ndi akuluakulu a polisi, kuti gadiyani wopezeka ndi kachidutswa ka wodwala wake, buku la kuchipatala lili m'manja, asaweruzidwe ndi muyezo wa munthu wonyamula matumba pa lole.

Anthu afotokozeredwenso m'chilankhulo chawo. Lamulo lija litavomerezedwa, mbiri inafika kumidzi kuno yakuti boma lamasula chamba, basi. Achinyamata anakondwa, makolo anadandaula, ndipo onse awiri anali atamva molakwa. Pakufunika mawu a Unduna wanu pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pakuti chigwa chino chimalankhula zonse ziwiri, onena chimene chaloledwa, chimene sichinaloledwe, ndi kuopsa kwa timabotolo ta pamsika. Ndipo alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi njinga zawo apatsidwe mawu omwewo, kuti wodwala akafunsa asayankhidwe ndi kuseka kapena kuopsezedwa.

Mukasowa poyambira, yambirani kuno. Chigwa chino chinazolowera kukhala poyesera zinthu zatsopano kuyambira pamene Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884. Ndi kuno kumene sukulu ya Jeanes inayamba mu 1929, kuphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake mafumu omwe, za ukhondo, za ulimi ndi za kulera ana, kuti akabwerera kwawo akaphunzitse midzi yawo. Ndipo lero Malawi Institute of Education, kumene kumalembedwa mabuku a ana a dziko lonse, ili pompano. Mtunda wochepa kuchokera pano pali chipatala chachikulu cha Zomba, chipatala cha matenda a maganizo, chipatala cha St Luke's ku Malosa ndi chipatala chathu cha Domasi. Kotero dokotala wopereka mankhwalawa ndi dokotala wodziwa kuopsa kwake angathe kukhala patebulo limodzi m'mawa, nakaona wodwala yemweyo madzulo. Yambani ndi odwala ochepa, olembedwa bwino, oyang'aniridwa mosamala. Zikaoneka kuti sizikuthandiza, mudzatiuze poyera ndipo tidzamva. Zikathandiza, mudzakhala ndi umboni wa kwathu, wosabwereka.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Minda ya ziphaso ikukula, amalonda abodza akuchuluka, ndipo odwala akudziphikira okha. Mukachedwa, mudzapeza kuti msika wakonza kale malamulo ake, ndipo ntchito yanu idzangokhala yozima moto. Sindikupempha kuti mundiyankhe ine, munthu wosadziwika, ndi kalata ya ku ofesi. Ndikupempha kuti pa msonkhano ukudzawu wa Nyumba ya Malamulo muimirire ndi kuuza aphungu, mtundu wonse ukumva pa wailesi, kuti kuyambira 2020 ndi zipatala zingati za boma zimene zatenga chiphaso chija cha madola 100, ndi mankhwala angati a chamba amene alembetsedwa kuti aperekedwe muno, ndi odwala angati a Malawi amene alandira. Ndipo ngati chiwerengerocho nchochititsa manyazi, mutchule mwezi ndi chaka chimene wodwala woyamba wa m'chipatala cha boma adzalandire botolo lake.

Ndine wanu wokulemekezani,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Domasi, Zomba.